Sabata yomwe dothi linatikana

Lolemba ndisanavale n'komwe chipewa mnyamata wa ku labu yoyeza dothi pa ntchito yathu yomanga njanji anali atafika kale ndi pepala lake, akuti bwana pomwe munatsendera Loweruka paja pakanika. Timafuna dothi ligwirane kufika 95 peresenti koma pake panathera pa 91, ndiye panalibe zokambirana, ndinangouza a kapitawo kuti agumule leya yonse, athire madzi, rola ibwerere. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira makolo. Anati "bwana, mapointi anayi okhawa?" Eya anayi omwewo. Msewu ukatitimira pang'ono galimoto imangodumpha n'kupita, koma njanji ya katundu siitero, bogi lililonse likadutsa limaponda pamalo omwewo, ndiye tangoganizani ku Brazil pa njanji ya Carajás, makilomita 892 kukafika kudoko ku São Luís, sitima imodzi imakoka mabogi 330 a miyala ya chitsulo. Pofewa pamodzi basi, pakatha chaka mukhala mukuthira balasiti, miyala yoyala pansi pa njanji, ngati mukudyetsa dzenje.

Lachiwiri linapita ndi masilipa, mitanda yomwe zitsulo za njanji zimakhalapo, kutsitsa, kuwerenga, kukana ong'aluka, palibe chokamba.

Tsiku lomwe ndimalikonda ndi lowotcherera. Timalumikiza zitsulo za njanji ndi thermite, ufa womwe ukayaka mumphika chitsulo chimasungunuka n'kutsikira pampata chili psuu, aliyense amaima patali ngakhale anyamata ovuta aja amakhala chete. Koma chovuta si moto ayi, ndi dzuwa. Chitsulo cha kilomita imodzi chikatentha ndi madigiri 30 chimafuna kutalika pafupifupi masentimita 35, ndiye ukachimanga kukuzizira masana chimapindika ngati njoka, ukachimanga kukutentha kwambiri usiku wozizira chimaduka. Mkulu wathu wowotcherera, yemwe anagwirako pa njanji ya malasha yochokera ku Moatize kudutsa m'Malawi kukafika ku Nacala, amangoti chitsulo chimapuma, osachikakamiza. Tinakhala maola awiri tikungoyang'ana themometa yomata pachitsulo, mabwana aku ofesi akuimba foni kuti bwanji simukugwira ntchito.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi msonkhano wa Lachinayi. Kunabwera anthu ogula mbewu kudzafunsa za kanjanji kopatuka kofika ku nkhokwe zawo, ndipo kunena zoona ndinawamvera chisoni. Njanji ngati iyi ndalama zake zimachokera ku mgodi, mgodi umatulutsa katundu chaka chonse kuchokera pamalo amodzi, sitima imadzaza, ulendo wa kudoko, kubwerako yopanda kanthu, ndipo ngakhale zitunda timazisema poganizira mbali yomwe sitima imapita italemedwa. Soya ndi chimanga sizili choncho, zimabwera zonse nthawi imodzi pokolola, kuchokera m'malo ambirimbiri, zimafuna mabogi otseka pamwamba chifukwa zikanyowa zatha, komanso sungazithire m'bogi momwe munali malasha dzulo. Tsono njanji ndi imodzi, masitima amapatukirana pamalo owerengeka, ndiye ikakumana ya miyala ndi ya mbewu mukuganiza amene adikire ndani? Pamapepala onse amalemba kuti njanjiyi ithandiza alimi, koma nditatsegula mapulani kanjanji kopatuka komwe anthuwa akufuna mulibemo, akuti kadzaganiziridwa mu gawo lachiwiri. Ine ndagwira ntchitoyi nthawi yaitali ndithu, gawo lachiwiri ndimangolimva m'misonkhano. Ndinawauza poyera kuti akakamire pano makina adakali pamalo, chifukwa kudzawabweretsanso pambuyo pake n'kodula kuposa kuwonjezera kanjanjiko lero. Bwana wanga sanakondwe nazo, anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Lachisanu labu inabweranso, 96. A kapitawo sanayankhule, anangondipatsa pepalalo n'kuloza kumwamba, mitambo inali itada kale. Mvula inayamba cha m'ma 3, tonse tinathamangira ku kalavati yatsopano ija kukaona ngati madzi akudutsa mkati kapena akuboola m'mbali. Amadutsa mkati, koma kukamwa kwake kunali kutatsekeka theka ndi matumba a simenti omwe wina anataya, ndiye sabata ndinaitsekera m'madzi ofika m'mawondo, ndikukoka matumba ndi manja.