Lachitatu: timizere takuda m'kuwala kwa milalang'amba

Ntchito imene ndinakonza kugwira lero yagonera pomwepo chifukwa cha funso limodzi. Mwana wa achemwali anga wandipeza m'mawa kope lili m'manja: "Amalume, aphunzitsi akuti chilengedwe chikufutukuka. Anayeza ndi chiyani, poti kumeneko sikufikika?"

Ndamuuza kuti mboni yake ndi kuwala. Kuwala kwa mlalang'amba, lomwe ndi gulu lalikulu kwambiri la nyenyezi, kukadutsa m'galasi lomwaza mitundu kumayalika ngati utawaleza, koma wokhala ndi timizere takuda apa ndi apo. Timizereti timabwera chifukwa cha zinthu monga haidirojeni ndi kashiamu, ndipo kalikonse kali ndi malo ake odziwika, oyezedwa kale pansi pompano. Tsono ukayang'ana kuwala kochokera kutali, umapeza timizere tomweto, totsatizana chimodzimodzi, koma tonse tasendera kumbali yofiira. Mafunde a kuwalako anatambasuka ali paulendo, ndipo kukula kwa kusenderako kumatiuza liwiro limene mlalang'ambawo ukutithawira.

Anayamba kuyeza zimenezi ndi Vesto Slipher ku Lowell Observatory, ku Arizona, mu 1912. Mlalang'amba woyamba kuuyeza unali Andromeda, ndipo anapeza kuti ukubwera chakuno pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa sekondi. Koma yambiri imene anayeza pambuyo pake inali ikuthawa. Ine ndimaona kuti bamboyu anthu amamumana ulemu. Dzina lomveka ndi la Edwin Hubble, amene mu 1929 ku Mount Wilson, ku California, anayerekeza liwiro ndi kutalika kwa mtunda, n'kuona kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri umathawanso mothamanga kwambiri. Chonsecho manambala ambiri a liwirolo anali a Slipher, ndipo wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, anali atalemba kale mfundoyi mu 1927.

Masana mnyamatayu wabweranso, ulendo uno akumwetulira ngati wandikola: "Ngati yonse ikutithawa, ndiye kuti ifeyo tili pakatikati." Ndadula kalamba ka mphira, tadontheza timadontho ta inki motalikirana sentimita imodzi, iye wagwira uku ine uku, takoka mpaka katalika kawiri. Kadontho koyandikana ndi chala chake kasendera sentimita imodzi, kachitatu kasendera masentimita atatu, panthawi yofanana. Ndamuuza kuti asankhe kadontho kena n'kuyezeranso pamenepo. Zatuluka zomwezo. Palibe kadontho kamene kanayenda pamphirapo, watambasuka ndi mphirayo. Wangoti duu, kenako wafunsa za Andromeda. Umenewo uli pafupi, mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni, moti mphamvu yokokana pakati pa iwo ndi mlalang'amba wathu ikuposa kufutukukako.

Usiku uno ndakhala ndikuwerenga za mkangano umene udakalipo. Pa mtunda uliwonse umene kuwala kumayenda zaka 3.26 miliyoni, liwiro limakwera ndi makilomita angati pa sekondi? Hubble anapeza pafupifupi 500, ndipo anaphonya patali chifukwa mitunda yake inali yochepa kuposa yeniyeni. Lero oyeza kuwala kwakalekale, kotsalira pa chiyambi cha chilengedwe, pogwiritsa ntchito zimene inapeza setilaiti ya Planck akuti pafupifupi 67, pamene oyeza nyenyezi zophethira ndi zophulika akuti pafupifupi 73. Mbali zonse zabwereza masamu awo kambirimbiri, ndipo palibe imene ikugonja.