Denga labwerera: zikomo kwa nonse amene munagwira nafe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makolo, aphunzitsi ndi inu nonse a mpingo,

Ana a Sitandade 7 ndi 8 abwerera m'makalasi mwawo lero. Mvula yayamba cha m'ma 10 koloko, ya Mzuzu yeniyeni ija yosafuna kukata, koma palibe dontho lagwera pa kope la mwana. Ife a komiti ya sukulu tikulemba izi matuza asanapole m'manja, ndiye amene timudumphe atikhululukire, si mwano koma kutopa.

Za usiku uja, pamene mphepo inasasula denga la makalasi awiriwa, mukuzidziwa. Malata tinakawatola m'munda wa chimanga kuseri kwa tchalitchi, ena ali ndi matabwa awo omwe. Chimene mitima yathu imanjenjemera nacho mpaka pano n'chakuti mphepoyo ikanabwera masana, m'zipinda ziwirizo mukanakhala ana odzaza. Inabwera usiku. Ambuye, Inu nokha.

Tiyambe ndi Adada athu akalipentala, mkulu wa mpingo uja amakhala benchi yachiwiri kumanja. Anatiletsa kulemba dzina lawo, ndipo tamvera, koma aliyense wadutsa pasukulu masabata 6 apitawa akuwadziwa. Kutacha, tonse maganizo anali amodzi: tiwongole malata otsala, tigule misomali, tikhome msanga, poti mayeso a MANEB sadikira munthu. Adada anafika ndi makwerero awo, anakwera pakhoma, anakhalako nthawi osayankhula. Potsika anabwera ndi kachidutswa ka waya m'manja nakaika patebulo pa a hedi. Anati tikangokhoma momwe zinalili, chaka chamawa tidzakatolanso malata m'munda womwewo. Ena mwa ife tinawawidwa nawo mawu amenewo, chifukwa ankatanthauza ndalama zambiri ndi nthawi yaitali. Koma anali kunena zoona, ndipo tikufuna makolo mumve zimene anapeza, popeza ambiri nyumba zanu ku Chiputula, ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa zinafoleredwa chimodzimodzi.

Denga lonse linkagwiridwa ndi waya woonda wokwiriridwa m'mizere iwiri yokha ya njerwa zapamwamba. Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga. Adada anatifotokozera kuti imalikokera m'mwamba: ikamathamanga pamwamba pa malata imayamwa, ndiye ikapezanso polowera, monga mawindo athu osweka magalasi a mbali imene inkachokera, imadzaza m'chipinda n'kumakankha chapansi. Denga limapezeka likukokedwa kumwamba, likukankhidwanso mkati. Mizere iwiri ya njerwa ilibe kulemera koti n'kulimbana ndi zimenezo, n'chifukwa chake denga linapita ndi njerwa zake. Anationetsanso misomali yambiri itakhomedwa m'ngalande za lata m'malo mwa pamsana, moti madzi akhala akulowa pamenepo zaka zonsezi, thabwa n'kuwola mozungulira msomali. Ina ankaizula ndi zala. Malata anali a geji 32, opyapyala, ong'ambika pamutu pa msomali akangogwedezeka. Khonde la denga linatuluka pafupifupi mita yathunthu popanda chochirikiza, ndipo mphepo inayambira pomwepo kufukula. Chiswe nachonso chinali chitadya kale gawo lake.

Ntchito inayamba ndi kugumula, chinthu chimene chinatipweteka kuona. Anachotsa mizere yonse yogwedera mpaka anafika pa njerwa zolimba, kenako anathira ring beam, mzere wa konkire wa zitsulo mkati womanga makoma pamwamba, kuzungulira chipinda chonse, kuphatikizapo khoma lapakati: zitsulo zinayi za Y12 (zonenepa mamilimita 12), zomangidwa ndi timphete ta R6 (ta mamilimita 6) motalikana masentimita 20. Konkire anakana kuyeza ndi fosholo, poti fosholo ya munthu wotopa siifanana ndi ya munthu wam'mawa. Ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala, ndowa yake imodzimodziyo tsiku lonse. Mchenga woyamba umene unabwera anaubweza. Anauthira m'botolo la madzi, anakhutchumula, anausiya kuti udikhe, ndipo pamwamba panakhala dothi lochindikala ngati chala. Mchenga wadothi umafooketsa konkire ngakhale uwonjezere simenti. Bambo amene anapereka mchengawo sanakhumudwe, anabweranso ndi wina wa mumtsinje, pa mafuta awo. Zikomo bambo, mwatiphunzitsa kudzichepetsa.

Konkire isanaume, Adada anakwirira malamba achitsulo okolekedwa ku zitsulo zamkati, limodzi pamalo aliwonse pamene pakhale trasi, chimango cha matabwa chonyamula denga, kuti pambuyo pake lamba likwere pamwamba pa trasi, litsikire mbali inayo, likhomedwe mbali zonse. Tsopano mphepo ikafuna denga, iyenera kunyamula ring beam yonse. Kenako panabwera masiku 7 othirira madzi m'mawa ndi madzulo, masiku amene makolo ena ankatiimbira kufunsa chifukwa chake ntchito yaima. Siinaime. Konkire imalimba ndi chinyezi, ikauma msanga imachita ming'alu. Atsikana ndi anyamata a Sitandade 8 ndi amene ankathirira asanalowe m'tchalitchi kukaphunzira, aliyense ndi kandowa kake. Ana inu, ring beam imeneyo ndi yanu.

Pa matabwa ndi pamene Adada anatigonjetsa. Tonse timadziwa kuti paini wa ku Chikangawa ndi amene wafolera Mzuzu, koma si thabwa lililonse lili pamsika lauma. Iwo anapita okha, ankanyamula lililonse kumva kulemera kwake, kuliyang'ana chamutu ngati lapindika, kukana la mfundo zazikulu. Thabwa laliwisi limalemera, limatuluka utomoni, ndipo likamauma lili padenga limafota, msomali n'kukhala pabowo lotakasuka. Amene anali ndi chinyezi anawasanja pakhonde la tchalitchi, pamthunzi, ndi timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa. Onse anapakidwa mankhwala a chiswe, makamaka modulidwa, chifukwa ndi mmene chiswe ndi madzi zimalowera. Matrasi 14 a matabwa a 2x6 anawakhomera pansi pabwalo, onse pa muyeso wa loyamba, n'kuwaimika motalikana mita imodzi ndi masentimita 20. Timatabwa ta 2x3 togonekapo malata anatiika motalikana masentimita 90, atakoka chingwe kuti mzere usakhote, ndipo pokumana kalikonse ndi trasi anamanganso ndi waya kuwonjezera pa msomali. Anati msomali wokhomedwa choongoka umazuka momwe unalowera.

Munthu wa msinkhu wawo, wa bondo lovuta lija, amafika 6 koloko chifunga chisanachoke, n'kuyamba ndi pemphero lalifupi ali chiimire pafupi ndi mulu wa matabwa. Sanalandire kanthu. Titakakamira kuti alandire ngakhale ya sopo, anati tiwonjezere pa malata kuti tigule geji 28, ochindikala kuposa aja, ndipo ndi amene tagula: malata 46 a mafiti 14, kuti kuchokera pamsonga mpaka pakhonde likhale lata limodzi lopanda cholumikiza. Pokhoma anayambira kumapeto kumene mphepo imapita, kuti polumikizana malata pasayang'ane kumene imachokera. Lililonse linakwera pa linzake msana umodzi ndi theka. Misomali yachipewa, pamsana, osamenya mpaka lata kuphwanyika. M'mphepete, pamsonga ndi m'makona anachulukitsa misomali, popeza denga silinyamuka pakati, limayamba m'mbali. Khonde analibweza pa masentimita 60 ndi kulitseka ndi thabwa kutsogolo.

Chinanso chimene sitidzaiwala: sanagwire okha. Anatenga anyamata anayi a mpingo amene anamaliza Fomu 4 ndipo akungokhala, anawapatsa tepi, sowo ndi hamala, ndipo trasi lililonse ankafunsa mnyamata kuti anene chifukwa chake thabwa ili likupendekera uku. Wolakwitsa ankazula n'kuyambiranso, popanda kudzudzulidwa mwaukali. Adada amakonda kutikumbutsa kuti Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inkaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi Baibulo, ndiye sukulu yachikhristu imene ana ake sadziwa kugwira ntchito ndi manja yaiwala kumene inachokera. Matrasi atatu omaliza anyamatawa anakhoma okha, Adada atakhala pampando akuyang'ana.

Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wathu, tinene chiyani? Munagawana masiku, ndipo palibe tsiku anthu anagwira ndi njala. Tiyi wam'mawa kukuzizira, nsima ya nyemba, tsiku lina usipa wa ku Nkhata Bay, nkhuni zochokera m'makomo mwanu. Madzi a konkire munatunga ndinu. Mayi wina wamasiye amene amagulitsa tomato anabwera ndi misomali kilogalamu imodzi itakulungidwa m'pepala, n'kupepesa kuti ndi yochepa. Mayi, misomali yanu ili pakona ya kummawa, pamene mphepo imamenya kwambiri. Adada anaisunga padera dala.

Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo potsegula tchalitchi kuti makalasi awiri aziphunziramo, wina kutsogolo wina kumbuyo. Aphunzitsi, mwaphunzitsa masabata 6 mawu akuwombana, bolodi litatsamira pa benchi, ana akulembera pamaondo, ndipo Loweruka munabweranso kudzabweza maola otayika a Sitandade 8 osapempha kanthu. Achinyamata munanyamula mabenchi Lachisanu lililonse kukonzekera mapemphero, Lolemba n'kuwabwezanso. Ophunzira akale amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, ndalama zanu zinafika ndipo ndi zimene zinagula zitsulo ndi simenti. Anansi athu a mipingo ina, ndi abale achisilamu amene ana awo amaphunzira pano, munabwera ndi mawilibala osafunsa kuti sukuluyi ndi ya mpingo uti. Alonda athu anagona pafupi ndi malata usiku uliwonse, ndipo palibe ngakhale limodzi lasowa. Yewo chomene, nonse.

Pali mawu amodzi olemera amene sitingawameze. Tsiku loyamba kunabwera anthu ena ndi magalimoto, anajambula zithunzi pa bwinja, analonjeza pamaso pa ana. Tawaimbira, tawalembera, mpaka lero. Sitikuwatchula, ndipo sitikusunga mangawa, koma ana ankafunsa kuti malata aja abwera liti, ndipo ife tinalibe choyankha. Pa mapemphero a Lachitatu tinawerenga Nehemiya mutu 3, pamene alemba mayina a onse amene anamanga linga la Yerusalemu, ndipo pa vesi 5 alembanso kuti akuluakulu a ku Tekowa anakana kugwira nawo ntchitoyo, pamene anthu wamba a mudzi womwewo anagwira. Khomo likadali lotsegula, ntchito siinathe.

Tibwererenso kwa Adada, chifukwa dzulo madzulo, tonse titayamba kulongedza, iwo anatenga tochi n'kulowa m'kalasi, anatseka chitseko, n'kumayang'ana kumwamba kufuna kabowo kalikonse kolowetsa kuwala. Anapeza tiwiri, pamene msomali unaphonya thabwa. Anatuma mnyamata kukwera kukatseka, kenako ndi pamene anavomera kuti ana alowe. Ambuye, akumbukireni mtumiki wanuyu. Limbitsani bondo lawo, dalitsani nyumba yawo ndi adzukulu awo, ndipo manja awo asasowe chogwira. Amayi akunyumba kwawo, zikomo potibwereka amuna anu masabata onsewa pamene munda wanu unkafuna kupalira. Achinyamata alonjeza kuti abwera kudzakuthandizani kukolola, ndipo komiti iwakumbutsa.

Ndalama zonse zimene zinalowa ndi kutuluka, ndi malisiti ake, msungichuma aziwerenga Lamulungu mapemphero akatha, ndipo pepala lake likhomedwa pa ofesi ya a hedi kuti aliyense aone. Malata akale amene angawongoke apita ku khitchini yophikira phala.

Chatsala ndi magalasi a mawindo 5 a mbali ya mphepo, ndipo Adada akuti asachedwe, chifukwa ndi momwe mphepo inalowera. Akutinso chipinda cha Sitandade 1 ndi 2 chinamangidwa nthawi imodzi ndi chimene chinasasuka, ndipo waya wake ndi yemweyo. Loweruka lino 7 koloko akwera kukachiona. Amene ali ndi makwerero aatali, chonde abwere nawo.

Komiti ya sukulu ndi ya makolo