Akasintha thupi, mtima umakhala m'malo?

Dzulo ku Ulongwe tikudikira chapa, mdzukulu wanga anandionetsa pafoni achinyamata omwe amati anabadwira m'thupi lolakwika, mnyamata kumadzimva mkazi. Sindikuwaseka ayi, kuvutika kwawo n'koona. Koma ine ndili ndi chikaiko. Ku England, lipoti la Dr Hilary Cass la 2024 linapeza kuti umboni woti mankhwala oimitsa kutha msinkhu amathandiza ana otere ndi wochepa mphamvu, ndipo NHS, bungwe la boma la zaumoyo kumeneko, inasiya kuwapereka mwachizolowezi. Alipo akuluakulu omwe amati anapeza mtendere atasintha thupi, alinso ena omwe anabwerera akudandaula. Nanga mwana wa zaka 13, wosatha n'kupalira komwe kachewere, angagamule za kubereka kwake? Mdzukuluyo anangoseka, amvekere, "Agogo, inu simungamvetse." Chapa inafika tisanamalize.