Zimene Ndinatolako ku Cambridge pa Kaphunziridwe

Mlendo akafika ku Cambridge, m'dziko la England, n'kufunsa komwe kuli yunivesite, amauzidwa kuti ali kale m'kati mwake. Sukuluyi ilibe mpanda umodzi kapena chipata chimodzi, koma ili ndi makoleji 31 omwazikana m'tauni monse, pakati pa masitolo, matchalitchi ndi nyumba za anthu, ndipo ophunzira ambiri amayenda pa njinga. Inayamba mu 1209 pamene ophunzira ndi aphunzitsi ena anathawa ku Oxford atayambana ndi anthu a m'tauniyo, ndipo koleji yakale kuposa onse, Peterhouse, inakhazikitsidwa mu 1284.

Alendo ambiri amathera nthawi pa tchalitchi cha King's College, chimene anayamba kumanga mu 1446, kapena pa mtsinje wa Cam m'timabwato tokankha ndi mtengo wautali. Mmalawi sangadutse pa Senate House osaima, chifukwa m'nyumba imeneyi ndi mmene David Livingstone analankhula mu Disembala 1857, ndipo mawu ake ndiwo anautsa mishoni ya mpingo wa Anglican yotchedwa UMCA yomwe inafika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie.

Komabe chimene chinandikhudza kwambiri ndinachiona mu laibulale ya Wren ku Trinity College. Kumeneko amasunga buku la Isaac Newton, katswiri wa sayansi ndi masamu, lotchedwa Principia, losindikizidwa mu 1687, lomwe linali lake mwini. M'mphepete mwa masamba muli timalemba ta dzanja lake, inki yake itafiirira ndi ukalamba, pomwe ankakonza mawu ndi masamu pokonzekera kulisindikizanso. Ndinaima nthawi yaitali ndikusuzumira pagalasi, ndikuganizira kuti munthu amene dziko lonse limamutamanda anakhala pansi n'kuwerenganso ntchito yake ngati ya munthu wina, kufunafuna pamene sanalongosole bwino.

Mtima womwewo ndiwo uli m'kaphunzitsidwe kawo kotchedwa supervision. Kuwonjezera pa maphunziro a m'kalasi, ophunzira awiri kapena atatu amakumana ndi mphunzitsi kwa ola limodzi, atapereka kale nkhani imene alemba kapena masamu amene asova. Mphunzitsiyo sabwereza za m'buku, koma amafunsa chifukwa chimene wophunzirayo wanenera zimene wanenazo, ndipo pa anthu atatu palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Kuloweza notsi sikungamupulumutse munthu m'chipinda chotero, pakuti zoloweza zimatha pa funso lachiwiri.

Ndikudziwa kuti njira imeneyi imadya ndalama zambiri, ndipo makoleji a ku Cambridge amaikwanitsa chifukwa cha chuma chimene akhala akusonkhanitsa kwa zaka mazanamazana. Sichingakhale chilungamo kuyembekezera zomwezo kwa mphunzitsi wa kwathu amene amaima yekha pamaso pa holo yodzaza. Koma kulemba ndi kufunsana sikulira nyumba zamiyala, ndipo n'zimene gulu lathu lowerengera limodzi layamba kuchita chibwerereni ine. Aliyense amalemba tsamba limodzi pa mutu wa sabata imeneyo, amatumiza kwa anzake tsiku lokumana lisanafike, ndipo tikakumana amayankha mafunso buku lili chitsekere. Akabwerera kwawo amakalembanso tsambalo, n'kukonza paliponse pamene mayankho ake anaperewera, ndipo lokonzedwalo ndi limene timayamba nalo sabata yotsatira.