Malovu a Ndatopa

Kwathu ku Ntcheu amakhulupirira kuti ndinapita ku Harare kukaphunzira kuwerenga za mumtima mwa anthu. Amalume, amene amandilipirira fizi ya saikoloje m'madola a ku America, akaimba foni amayamba ndi kundiyesa: "Tanena, panopa ndikuganiza chiyani?" Ndimawayankha kuti akuganiza za ndalama zawo, ndipo sindiphonya.

Ndimachita lendi ku Mufakose, kachipinda kakuseri kwa agogo ena amene bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Akamacheza amasakaniza ndi Chishona, koma akapsa mtima chimatuluka Chichewa cha ku Dedza chosasukuluka. Dziwaninso kuti kuno ambiri amati Mmalawi aliyense amadziwako zitsamba. Ine ndinkangoseka.

Kusukulu zonse ndi Chingerezi, mabuku ake onenepa oti nkutsamira. Ndinkayembekeza za maloto ndi Freud, katswiri wotchuka pomasulira maloto, koma anatiyambitsa ndi Wilhelm Wundt amene anatsegula labotale ya saikoloje ku Leipzig mu 1879, kenako agalu a Ivan Pavlov. Mkulu ameneyu ankafufuza kagayidwe ka chakudya m'mimba ku St Petersburg, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1904. Anaona kuti agalu ake akuchucha malovu chakudya chisanafike, akangomva mapazi a wowadyetsa. Ndiye anayamba kuwamvetsa kaye phokoso linalake asanawapatse chakudya, mpaka phokoso lokhalo linkakwana kutsitsa malovu.

Aphunzitsi anati aliyense alembe chitsanzo chimodzi cha zimenezi chimene anachionapo. Anzanga analemba za foni zawo nkupita kukaonera mpira. Ine ndinati ayi, adziwe kuti mwana wa ku Malawi sanawoloke Zambezi pa Tete kudzaothera dzuwa.

Pakhomopo pali galu, Ndatopa, wokalamba, nthiti pamtunda, makutu odyeka ndi ntchentche. M'bandakucha, ndisanathamangire kombi, minibasi ya kuno, ndinkatuluka ndi mbale yachitsulo, kuimenya katatu ndi supuni, ngwe ngwe ngwe, nkumuponyera mkute. Vuto linali kuyeza malovu. Pavlov ankachita opaleshoni, kuika kachubu patsaya la galu. Ine ndinkagwada, kumupukuta kukamwa ndi thonje, kuliponya m'kabotolo ka chiponde, kulemba deti, nkundandalika mabotolowo pawindo. Uku ndikung'ung'udza mawu a m'buku kuti ndiwaloweze.

Mpanda wa pakhomopo ndi waufupi.

Posakhalitsa mayi wogulitsa tomato pakona anayamba kundiikira basela woposa zimene ndagula. Kondakitala wa kombi, amene kuno amati hwindi, anandibwezera dola yanga nkundinong'oneza kuti galimoto yawo ikuchedwa kudzaza masiku ano, ndiwaganizireko. Ine mumtima ndinkati anthu a ku Zimbabwe ndi aulemu bwanji! Kenako usiku wina kunagogoda mayi wina atafunda chitenje kumutu, m'manja muli sokosi imodzi ya mwamuna wake. Anati sakufuna zambiri, bamboyo azingobwera akamenya mbale ngati mmene amachitira galuyo.

Kutacha, agogo anaitana akuluakulu atatu a kwathu konkuno. Mabotolo anga onse anali pamkeka, ine pansi, miyendo nditapinda.

"Mwanangu, ndinakulandira ngati wanga. Kukhwima kumeneku ukukhwimira ndani?"

"Agogo, ndi zakusukulu izi."

"Sukulu yake iti yotunga malovu a galu m'mamawa anthu ali mtulo?"

Ndinafotokoza za Pavlov kuyambira pachiyambi. Mkulu wina wa ndevu zoyera anamvetsera mpaka kumapeto, nkufunsa: "Ndiye mukuti mzunguyu ankasunga malovu a agalu, anzake nkumupatsa mendulo?" Ndinati mendulo inali ya zam'mimba, koma eya, ankasunga. Anapukusa mutu. "Akanakhala wa ku Dedza bwenzi atamuotchera nyumba."

Chigamulo chinali choti mabotolo atayidwe m'chimbudzi ndipo galu ndimumasule. Apa ndinasangalala, chifukwa buku limanenadi njira yake: uzimenya mbale osapereka kanthu, chizolowezicho chimazilala chokha. Ndinayambapo, tsopano masana, agogo atakhala pampando ngati mboni. Poyamba Ndatopa ankabwera chothamanga, nkuima, kundiyang'ana m'manja. Kenako ankangodzutsa mutu. Pamapeto ngakhale khutu sankagwedeza. Agogo anati chabwino, wamasuka.

Tsamba lotsatira, limene tinali tisanafikepo m'kalasi, limati chizolowezi chozilala chotere sichifa. Pakapita nthawi chimadzuka chokha, ndipo phokoso lililonse lofanana ndi loyamba lija limatha kuchidzutsa.

Patatha mwezi kunali msonkhano wa bungwe lothandizana pamaliro, pakhomo pomwepo. Amayi anaphika nkhuku zitatu, nkuziphula mu beseni, kuika pakati pa bwalo podikira pemphero. Anthu ankalongolola za amene sanasonkhe, ndiye a tcheyamani, mkulu wa ndevu uja, anatola supuni nkumenya kapu yachitsulo kuti kukhale bata. Katatu.

Galu amene ankavutika kuthamangitsa ntchentche anatulukira kuseri kwa nyumba ngati mwala wa legeni. Anadutsa pakati pa miyendo ya msungichuma, buku la zopereka mmwamba, galuyo mutu wonse mu beseni. Amayi kukuwa, wina kumukoka mchira, msuzi pa suti ya a tcheyamani. Ndatopa anathawa ndi chidali chonse kukalowa pansi pa galimoto yakufa ya pakhomo loyandikana.

Palibe anayang'ana galu. Onse anatembenukira kwa ine, ndipo mayi wa sokosi uja, amene anabwera kudzathandiza kuphika, ankandiyang'ana ndi ulemu waukulu.

Pepala langa aphunzitsi analibweza lili ndi funso la inki yofiira: ndani anandipatsa chilolezo choyesera zinthu pa nyama? Ndinapita nalo kwa mwini galu. Agogo anati asaina ndikamaliza kulipira nkhuku.