Kuchokera pa fumbi la njerwa kukafika pa kapinga: ulendo wa ku Berkel ndi ku Rosmalen potsata mapazi a Kiki Bertens

Kiki Bertens, mayi wa ku Netherlands amene ankasewera tenisi, anapambana zikho 10 za WTA, bungwe loyendetsa mipikisano ya tenisi ya amayi, pa masewero a mmodzi ndi mmodzi. Zisanu ndi chimodzi anazitengera pa bwalo la dothi, zinayi pa bwalo lolimba la simenti, ndipo pa kapinga sanatengepo ngakhale chimodzi. Chonsecho mpikisano waukulu wa tenisi ya amayi kwawo ku Netherlands umaseweredwa pa kapinga, ku Rosmalen. Ichi ndi chimene chinatiyendetsa ulendowu mwezi wa June: kukaponda mabwalo a mitundu iwiriyi ndi kuona chimene nthaka imachita ndi mpira, chifukwa mbiri yonse ya mayiyu yagona pamenepo.

Wochokera ku Lilongwe kapena ku Lusaka amafunika viza ya Schengen. Mtengo wake ndi mayuro 90, ndipo pamafunikanso inshulansi ya zachipatala ya ndalama zosachepera mayuro 30,000. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndiye wofuna mpikisano wa June ayambe mu March, asadikire May. Ndege za KLM zimanyamuka ku Nairobi ndi ku Johannesburg n'kukatera pa Schiphol, bwalo la ndege la pafupi ndi Amsterdam. Mu June wotchi simuisintha: nthawi ya ku Netherlands imafanana ndi ya ku Malawi, kungoti dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku.

Siteshoni ya sitima ili pansi pa bwalo la ndege lomwelo. Tikiti ya pepala si yofunika. Khadi la ku banki longogunditsa limagwira ntchito m'sitima, m'metro ndi m'basi. Mumagunditsa polowa, mumagunditsanso potuluka, ndipo likhale khadi lomwelo. Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa. Wina amagunditsa chikwama chonse, makina n'kuwerenga khadi lina polowa, lina potuluka. Wina amaiwala kugunditsa potuluka pa masiteshoni aang'ono opanda mageti, pomwe pamangokhala kamtengo kokhala ndi makina. Onsewa amadulidwa ndalama yoposa mtengo wa ulendo. Tulutsani khadi limodzi, mulisunge palokha.

Kuchokera ku Schiphol tinakwera sitima ya ku Rotterdam Centraal, ulendo wosakwana theka la ola pa sitima yothamanga, kenaka metro E yolowera ku Den Haag. Imaima pa Rodenrijs ndi pa Berkel Westpolder. Kunja kwa zenera n'kwathyathyathya, ngalande za madzi mbali zonse, ndi nyumba zagalasi zolimamo tomato ndi maluwa. Bertens anabadwira ku Wateringen, pafupi ndi Den Haag, pa 10 December 1991, koma anakulira kuno ku Berkel en Rodenrijs. Anayamba tenisi ali ndi zaka 6 pa kalabu ya ATV Berkenrode, ndipo mphunzitsi wake woyamba, Martin van der Brugghen, anamugwira dzanja zaka zambiri. Mipikisano ya achinyamata ya m'maiko akunja, imene anzake otchuka anadutsamo, iye sanaiyende kwenikweni. Anakulira pa kalabu wamba ya m'dera, mtundu wa kalabu imene makolo amabwera pa njinga mwana ali kumbuyo, raketi itasomekedwa m'chikwama.

Bwalo la dothi a Datchi amalitcha gravel, koma si miyala ayi. Pamwamba pake ndi njerwa zopera, zofiira ngati katondo. Ku Roland Garros, mpikisano waukulu wa pa dothi wa ku Paris, fumbi limeneli limangokhala la mamilimita awiri, pansi pake pali mwala wa laimu wotsendereza, kenaka makala a m'ng'anjo ndi miyala yoti madzi azitsika. Pa kalabu ina imene tinaima masana, abambo awiri atamaliza seti, chigawo chimodzi cha masewero, sanathamangire kukamwa madzi. Mmodzi anatenga ukonde wolemera n'kumaukoka pa bwalo lonse mozungulira, kuyambira kunja kulowera m'kati, kufafaniza mapazi ndi timaenje. Winayo anasesa mizere yoyera ndi katsache ka mawilo, kenaka anatsegula madzi. Bwalo likauma limasanduka fumbi loterera ndipo mphepo imaulutsa njerwa zija, likanyowa kwambiri mpira umalemera n'kumadya mkono. M'nyengo yachisanu madzi akaundana pansi amatukumula nthaka, n'chifukwa chake mabwalo otere amatsekedwa n'kukonzedwanso chisanu chikatha, ndipo makalabu ambiri anasamukira ku kapinga wa pulasitiki wothira mchenga.

Mukaimirira pambali n'kumayang'ana mpira wokha, mumaona chimene chinapanga Bertens. Mpira ukagunda pa njerwa zija umakanda pansi, liwiro limachepa, n'kudumpha m'mwamba. Womenya mpira wozungulira cha kutsogolo amaudumphitsa mpaka pa phewa la mnzake, pomwe mkono ulibe mphamvu. Bertens ndi wamtali mamita 1.82, amasewera ndi dzanja lamanja, ndipo zida zake zinali ziwiri: sevisi (mpira woyambitsa pointi) yamphamvu ndi mpira wolemera wozungulira wa mbali ya kumanja. Dothi limamupatsa nthawi yokoka mkono mokwanira. Limalolanso kutsetsereka: wosewera amayamba kutsetsereka asanafike pa mpira, amamenya ali chotsetsereka, n'kuima pomwepo okonzeka kubwerera. Wophunzira mochedwa amamenya kaye kenaka n'kutsetsereka, ndiye amapitirira masitepe awiri kunja kwa bwalo, mpira wotsatira n'kumupeza ali kutali. Nsapato za pa dothi zimakhala ndi mizere yokhotakhota ngati minga ya nsomba kuti fumbi lizituluka.

Chikho chake choyamba anachitenga ku Fès, m'dziko la Morocco, mu 2012, atayambira m'ndime yachipulula chifukwa dzina lake linali pansi pa mndandanda. Kenaka panadutsa zaka zinayi popanda china. Mu 2015 anayamba kugwira ntchito ndi Raemon Sluiter, amene anaseweranso tenisi ya amuna, ndipo mu May 2016 anapambana ku Nürnberg, atayambiranso m'chipulula. Patangopita masiku ochepa, ku Paris, anagwetsa Angelique Kerber m'ndime yoyamba, Kerber ali ndi chikho cha Australian Open cha chaka chomwecho. Anadutsa Camila Giorgi, Daria Kasatkina, Madison Keys ndi Timea Bacsinszky, n'kukaimitsidwa ndi Serena Williams mu semifainolo, 7-6, 6-4. Mayi wa ku Netherlands anali asanafikepo pamenepo mu Grand Slam, mipikisano inayi yaikulu koposa ya tenisi, chichokere Betty Stöve mu 1977.

Mu 2017 anatenganso Nürnberg, n'kuwonjezera Gstaad. Gstaad ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mofanana ndi Lilongwe, ndipo Madrid ili pa mamita oposa 600. Pamalo okwera mpweya ndi wopepuka, mpira umathamanga ndi kudumpha kwambiri, zomwe zimakomera wa sevisi yamphamvu amene amadziwanso dothi. N'zosadabwitsa kuti chikho chake chachikulu koposa ndi cha Madrid 2019, kumene anagonjetsa Simona Halep 6-4, 6-4 mu fainolo, osataya seti ngakhale imodzi sabata yonse. Pa 13 May 2019 anafika pa nambala 4 pa dziko lonse, kuposa Stöve amene analekezera pa 5. Kwa ife, komabe, chaka chimene chimaonetsa kulimba kwake ndi 2018. Kumapeto kwa 2017 anatsala pang'ono kusiya tenisi chifukwa sinkamusangalatsanso. Anabwerera, anatenga Charleston pa dothi lobiriwira, anafika kotafainolo ku Wimbledon, kenaka ku Cincinnati, pa simenti, anapulumuka Halep atangotsala ndi pointi imodzi kuti amalize masewero, n'kupambana 2-6, 7-6, 6-2. Dzina loti ndi wa pa dothi pokha linathera pomwepo.

Kuchoka ku Rotterdam kupita ku 's-Hertogenbosch, mzinda woyandikana ndi Rosmalen, ndi ulendo wa ola ndi mphindi zingapo, kusintha sitima kamodzi. Eni ake amangoti Den Bosch, ndipo mukafunsa njira nenani choncho. Gonani mu mzindamu, osati ku Amsterdam, kumene zipinda n'zodula ndipo mungamataye maola awiri tsiku lililonse pa njanji. Pafupi ndi siteshoni pali bekale ya Jan de Groot yogulitsa Bossche bol, keke yaikulu ngati nkhonya, yodzaza kirimu, yokutidwa ndi chokoleti. Tchalitchi cha Sint-Jan chili pakati pa mzinda, ulendo wapansi.

Mpikisano wa Libéma Open umachitikira ku Autotron, kunja kwa Rosmalen, m'mbali mwa msewu wa Graafsebaan, sabata yotsatira Roland Garros ikangotha. Amuna anayamba kusewera kumeneko mu 1990, amayi mu 1996. Siteshoni ya Rosmalen isakunamizeni ndi dzina: kuchokera pamenepo mtunda udakalipo wa makilomita angapo, ndiye konzekerani basi, takisi kapena njinga. Tengani jekete ya mvula ndi chipewa cha dzuwa tsiku lomwelo. Pa dothi amapitiriza kusewera kukamawaza, koma pa kapinga madontho ochepa okha amaimitsa masewero, chifukwa udzu wonyowa umathyola mawondo. Amakoka nsalu kuphimba bwalo, ndipo mukhoza kudikira ola kapena tsiku.

Langizo lathu ndi loti mupite masiku oyambirira, Lolemba kapena Lachiwiri, osangolimbira fainolo. Amayi amayamba ali 32, masewero amakhala pa mabwalo angapo nthawi imodzi, ndipo pa mabwalo aang'ono mumakhala pafupi moti mumamva nsapato ikung'amba udzu. Mumalowa ndi kutuluka pokhapokha osewera akamasinthana mbali, gemu yachitatu ikatha, yachisanu, yachisanu ndi chiwiri, motero. Mukachedwa mumaima pa chingwe mpaka kusinthana kwina. Mabwalo oyeserera ndiwo sukulu yeniyeni: mumaona mphunzitsi akuponya mipira yotsika mobwerezabwereza, wosewera akupinda mawondo mpaka raketi kukhudza pansi.

Kapinga wa tenisi amametedwa mofupika kwambiri. Ku Wimbledon ndi mamilimita 8. Mpira sukanda pansi ngati pa njerwa, umatsetsereka n'kukhala wotsika, nthawi zina m'munsi mwa bondo. Chida chija chodumphitsa mpira mpaka pa phewa chimachepa mphamvu, ndipo wokoka mkono patali amapezeka wachedwa. Kutsetsereka kumene dothi limaphunzitsa kuno n'koopsa. Pamafunika timasitepe tating'onoting'ono, ndi nsapato za timinga ta labala pansi. Pofika Lachisanu udzu wa kumbuyo kwa mzere umakhala utatha, patsala dothi louma, ndipo mpira umadumpha mosayembekezeka. Wochokera ku Paris amakhala ndi masiku owerengeka okha kuti miyendo iiwale miyezi iwiri ya dothi.

Pa bwalo lalikulu limeneli ndi pamene panachitikira fainolo ya 2019. Bertens anabwera ali ndi bala la ku Paris, kumene ambiri ankamuyika pa gulu la otenga chikho koma anadwala m'mimba n'kusiya masewero a ndime yachiwiri ndi Viktória Kužmová seti yoyamba isanathe. Ku Rosmalen anafika mu fainolo ndi Alison Riske wa ku America, katswiri wa pa kapinga amene amamenya mipira yafulati, yotsika. Seti yoyamba Bertens anaitenga 6-0. Anakhala ndi mipata isanu yoti pointi imodzi yokha imupatse chikho, yonse inapita. Riske anapambana 0-6, 7-6, 7-5. Mukakhala pa mipando imeneyo n'kuona kufupika kwa mtunda pakati pa anthu ndi mzere, mumamvetsa kulemera kwa kusewera pamaso pa anthu akwanu. Mwa amayi a ku Netherlands, Michaëlla Krajicek yekha ndi amene ankakumbukiridwa kuti anachitenga chikhochi pakhomo, mu 2006, atagonjetsa Dinara Safina.

Za mapointi n'zofunika kuzidziwa kuti mumvetse chifukwa chimene mayina aakulu ena sabwera ku Rosmalen. Wopambana kuno amapeza 250, wa Madrid 1,000, wa Grand Slam 2,000, ndipo pointi iliyonse imakhala masabata 52 basi, kenaka imafufutika. Wosewera amalipira yekha ndege zake ndi malipiro a mphunzitsi. Amene ali pansi pa mndandanda amazungulira mipikisano ya ITF, bungwe la tenisi la dziko lonse, yomwe yaing'ono kwambiri imagawa madola 15,000 kwa osewera onse pamodzi. Atsikana amene mumawaona m'chipulula Loweruka ndi Lamulungu, atanyamula okha zikwama zawo, ali pa malo amene Bertens anali asanapite ku Fès.

Mapeto a ntchito yake anabwera ndi mwendo. Mu February 2020 anateteza chikho cha St. Petersburg pogonjetsa Elena Rybakina, chikho chake chomaliza. Ku Roland Garros chaka chomwecho, yomwe inasunthidwira ku September chifukwa cha mliri wa Covid-19, anagonjetsa Sara Errani pa masewero a maola oposa atatu, minofu itakokana thupi lonse, ndipo anatuluka m'bwalo pa njinga ya odwala. Mpikisanowo utatha anachitidwa opareshoni ya mtsempha wa kuchidendene, mtsempha umene umanyamula kulemera konse pa sevisi ndi poima mwadzidzidzi. Anabwerera mu 2021 koma liwiro lija silinabwerere. Analengeza kuti chimenecho ndi chaka chomaliza, ndipo pa Olimpiki ya ku Tokyo anagonja kwa Markéta Vondroušová m'ndime yoyamba, ali ndi zaka 29.

Pobwerera, sitima yochokera ku Den Bosch imapita ku Schiphol kudzera ku Utrecht, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Yang'anani chikwangwani bwinobwino, chifukwa pa nsanja yomweyo pamaimanso ya ku Amsterdam Centraal, imene sidutsa pa bwalo la ndege.