Bwalo lowomberapo patali: mwezi wachinayi, chimulu chagumuka

Sabata yatha mvula inagwa usiku wonse, ndipo m'mawa nditafika kumapeto kwa bwalo ndinapeza chimulu chathu cha dothi, chogwira zipolopolo kuseri kwa chandamale, chitagumuka mbali yakumanzere. Dothi lofewa limene tinasefa masiku asanu linali litakokolokera pansi, miyala ya m'kati ili poyera mbee. Mtima unandipweteka, koma cholakwa ndi changa. Ndinachiumba choimirira kwambiri pofuna kuti chitalike msanga ndi dothi lochepa, ndipo udzu ndinali ndisanabzale. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene wawomberapo, ngakhale kamfuti ka .22.

Amene mukutsatira zolembazi mukudziwa kuti ndinayamba ntchitoyi maganizo anga ali pa mfuti ndi galasi lake loonera patali. Miyezi inayi yandiphunzitsa kuti bwalo limayambira kumene chipolopolo chikathere, kenako n'kumabwerera chammbuyo mpaka pogona wowombera. Chipolopolo cha .22 chikhoza kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka ngati mfuti yaloza m'mwamba, ndipo cha mfuti yokulirapo, cha .308 Winchester, chimafika pafupifupi makilomita anayi. Chandamale changa chakutali chili pa mamita 600 okha. Mtunda wotsalawo ndi umene unandisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndinasiya malo afulati amene ndinayamba kuwakonda n'kusankha pamene kumbuyo kuli phiri lopanda nyumba, njira kapena msipu. Kumbuyoko ndinakuyenda ndi miyendo kawiri. Mapu a pafoni sanandionetse kanjira kena ka anthu kamene ndinakapeza m'munsi mwa phirilo, ndipo kanjira kameneko kanandichititsa kupotoza mzere wonse pang'ono. Akuluakulu oona za mfuti anadzayendera malowo asanatipatse chilolezo, ndipo funso lawo loyamba linali lomwelo: kuseri kuli chiyani?

Tsopano tikuumbanso. Tikufuna chifike mamita 6 kupita m'mwamba, ndipo pa mita iliyonse yokwera tsinde lizituluka pafupifupi mamita awiri. Dothi likulowa lambiri kuposa poyamba. Katapila amaunjika, ife timatsatira ndi mafosholo, kutsendera gawo lililonse tisanathire lina. Nkhope ya chimulu, kumene zipolopolo zimalowa, ikhala ya mchenga ndi dothi losefa lokhalokha. Ntchito yosefayi ndi yotopetsa zedi, msana umachita kuwawa, koma sindilola kuidumpha. Chipolopolo chikamenya mwala chimanjanja n'kulowera kumene palibe amene anakulozako, chikulira mluzu. Ndinaumvapo mluzu umenewo kamodzi pabwalo lina zaka zapitazo, ndipo sindifuna kudzaumvanso pa langa. Pamwamba ndi kumbuyo tibzala udzu wa vetiva kuti mizu yake igwire dothi.

Chinthu chimene sindinachiganizire poyamba ndi nthaka ya pakati. Munthu akalakwitsa kuwerengera, chipolopolo chimagwa chisanafike, ndipo panthaka youma chimatha kudumpha n'kupitirira pamwamba pa chimulu chachikulu. Choncho chandamale chilichonse, pa mamita 100, 300 ndi 450, chili ndi kachimulu kakekake kumbuyo kwake, pafupi penipeni. Pogonera tinapakweza pang'ono kuti mfuti iziloza chotsikira.

Za dzuwa zinayenda bwino: mzere suloza kum'mawa kapena kumadzulo, ndiye siliwala m'galasi. Mitunda tinaiyeza ndi makina a laser, n'kutsimikiza ndi tepi mpaka pa mamita 300, zikhomo tinakhoma.

Zitsulo za chandamale zafika, mbale zinayi za chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa AR500. Chitsulo wamba sichiyenera, chimachita maenje, ndipo maenjewo amabweza tizidutswa. Ndazipachika pa malamba a labala, mutu utaweramira kutsogolo pafupifupi madigiri 20, kuti chipolopolo chikaphwanyika zidutswa zizigwera pansi. Chimulu chisanagumuke tinayesako tsiku limodzi lokha pa mamita 600, ndipo ndikamakumbukira ndimamwetulirabe. Mfuti itakonzedwa kuti izilasa ndendende pa mamita 100, chipolopolo cha .308 chimakhala chitatsika pafupifupi mamita atatu pofika kumeneko, ndiye umapotokola kowongolera galasi mpaka kudzikayikira. Ukakoka, mfuti imakugunda paphewa, kenako zii. Chipolopolo chimayenda pafupifupi sekondi imodzi, phokoso la chitsulo limatenga pafupifupi masekondi ena awiri kuti likupeze. M'galasi umaona mbale ikugwedezeka, utoto woyera utachoka kadontho, koma khutu silinamve kanthu. Kenako, chapansipansi, ngwee! Mnzanga amene anali pagalasi loonera anachita kuimirira.

Mphepo ndiye mphunzitsi wankhanza. Tsiku lomwelo mbendera yoonera mphepo ya pafupi ndi ife inali lende, pamene ya pa mamita 400, pomwe pali kachigwa, inali itatambasuka. Kamphepo ka mamita anayi kapena asanu pa sekondi, kochokera m'mbali, kamakankha chipolopolo pafupifupi mita yathunthu pa mtunda umenewo. Ndinaphonya katatu motsatizana ndisanazindikire kuti ndikuyang'ana mbendera yolakwika. Ndiwonjezera zina ziwiri, ndipo zonse zikhale za nsalu imodzi ndi kukula kofanana, apo ayi zimanena zosiyana pa mphepo imodzimodzi.

Nkhani ya mtovu ambiri saikamba, koma ine imandikhudza. Zipolopolo, zomwe zimakhala ndi mtovu, zimatsalira m'chimulu zaka ndi zaka, ndipo dothi la asidi limasungunula mtovu n'kuupereka kumadzi. Ndinayezetsa dothi, linapezeka lowawasa pang'ono, ndiye tithira laimu kuti pH, muyeso wa kuwawasa kwa dothi, ikhale pakati pa 6.5 ndi 8.5. Ngalande ya m'munsi mwa chimulu tiilozetsa ku dzenje lakelake, kutali ndi khwawa. Mvula yomwe inatigumulirayi inationetsanso bwinobwino kumene madzi amathamangira.

Zotsala mwezi uno: kumaliza nkhope ya chimulu, zikwangwani zochenjeza kuzungulira malire, mtengo wa mbendera yofiira pachipata, ndi denga la pogonera. Dengalo ndikufuna lituluke kutsogolo motsika, kuti munthu atagona pansi asaone thambo pamwamba pa chimulu n'kuloza mfuti kumeneko. Loweruka tikuyambiranso kusefa, mawilibala 40 akutidikira.